Filimu Imodzi, Nambala Ziwiri

Chaka choyamba pa ntchito, mwezi wa Meyi

Ana anga, Tiyamike ndi Yohane, za ubwana wanga ku Ntchisi sindilemba, chifukwa munalibe china koma kubusa mbuzi ndi kuthawa zikwapu za aphunzitsi. Ndiyambira pa kalata imene inandituma ku Rumphi, kukakhala kalaliki pa kampu ya alonda a nyama zakutchire ku Kazuni. Iwe Tiyamike unali ndi zaka zitatu, Yohane ali wakhanda. Amayi anu sindinapite nawo. Ndinali mkamwini m'mudzi mwa agogo anu, ndipo akuchikazi anakanitsitsa kuti mwana wawo asiye munda ndi dimba n'kukakhala pakati pa njovu. Kunena zoona, nyumba imene anandipatsa inali ya chipinda chimodzi ndi zenera limodzi, ndiye ngakhale akanalola sindikudziwa kuti tikanakhalamo bwanji.

Ndinatsika lole ya fodya pa geti la kampu, fumbi mpaka m'mano. Alonda anandilandira bwino, "Monire adada, yewo chomene," koma atangomaliza moni anabwerera ku Chitumbuka chawo, ndipo ine ndinkangoseka nawo mochedwa, osadziwa chimene ndikusekera. Anali anthu abwino, koma munthu ukhoza kusungulumwa uli pakati pa anthu abwino. Miyezi yoyamba ndinkacheza kwambiri ndi taipi ya mu ofesi kuposa munthu. Loweruka masana anzanga akakwera njinga kupita kwawo ku Bolero ndi ku Hewe, ine ndinkatsala ndi akashembe oluma m'khosi ndi mvuu za m'nyanja ya Kazuni, zimene zimabuula tsiku lonse ngati madoda okhuta mowa.

Bwana wanga woyamba anali a Mhango, mwana wa aphunzitsi a pamishoni, munthu wovala tayi ngakhale pakati pa tchire. Sankakonda kuona munthu atangokhala. Tsiku lina anandipeza ndikuwerenga kachisanu kalata ya amayi anu. Anatsegula kabati n'kutulutsa kamera yakale yachitsulo imene mzungu wina wofufuza za njati anaisiya.

"A Phiri, mukudwala kukumbuka kwanu, ndikuona," anatero. "Mankhwala ake ine ndilibe. Koma chinthu ichi chikufuna munthu amene alibe kopita Loweruka."

Anandiphunzitsa kuti kamera ili ndi nambala zitatu, ndipo ndikufuna muzimve bwino chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Yoyamba ndi ya lenzi: nambala ikachepa, khomo lolowera kuwala limakula, ndiye pa 2 khomo lili lotsegula lonse, pa 16 katsala kabowo. Yachiwiri ndi ya shata, kutanthauza nthawi imene khomolo likhale lotsegula: pa 500 ndi kuphethira kwa diso, pa 30 ndi kochedwa moti dzanja likangonjenjemera chithunzi chonse chimasokonekera. Yachitatu ndi ya filimu yeniyeniyo, yolembedwa pa kabokosi kake, imene imanena kuti filimuyo imamva kuwala msanga bwanji. Ziwiri zoyambazo umasintha pa chithunzi chilichonse. Yachitatu umaitchera kamodzi poika filimu, n'kuisiya.

Fulashi inalipo koma mabatire ake sankapezeka ngakhale ku Mzuzu, ndiye ntchito yanga yoyamba, kujambula alonda nkhope za pa ziphaso, ndinkaigwirira mu ofesi pafupi ndi zenera. Zithunzi zoyamba zinabwera zakuda bii, mano okha kuoneka. Alonda anandiseka sabata yathunthu, ndipo kuseka kumeneko ndinakumva bwino popanda womasulira. A Mhango anangopukusa mutu.

"Mita yoyesera kuwala ya mu kamera iyi ikaona zenera imaiwala munthu," anatero. "Musailole kuona zenera. Ikani chikhatho chanu pamene pali nkhope ya munthuyo, muyese kuwala pa chikhathocho, kenako mutsegule lenzi kamodzi. Munthu ayang'ane cha kuzenera, asalifulatire. Inu mutsamire mphuthu ya chitseko, zigongono pa nthiti, mutulutse mpweya theka, ndiye mudine. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Ndinadekha. Pofika chaka chachitatu ndinkatha kutulutsa nkhope ya munthu m'chipinda chimene ena ankati n'chamdima, mpaka makwinya a pamphumi kuoneka. Ukalaliki anapatsa wina, ine n'kulembedwa kuti wojambula wa kampu. Kamera inali ya boma ndipo sinkatuluka pa geti. Ndikamapita kwathu pa tchuthi inkatsala m'kabati, makiyi ali ndi bwana.

Chaka chachisanu ndi chachisanu ndi chimodzi

A Mhango anapuma pa ntchito n'kupita kukalima m'chigwa cha Henga, ndipo m'malo mwawo munabwera a Kachale, a ku Chiradzulu. Nditamva kuti akubwera bwana wolankhula Chichewa ndinasangalala ngati mwana, ndinati tsopano ndipeza wocheza naye. Ndinadzinamiza. Chichewa chawo chinali cha malamulo okhaokha, ndipo ankachilankhula ataimirira, akuyang'ana wotchi. Sanali munthu woipa mtima. Anali munthu woopa a kulikulu, ndipo mantha a bwana amagwera wa pansi pake.

Zaka zimenezo zinthu zinasowa. Dizilo ankabwera wa maulendo awiri pa mwezi, malipoti tinkalemba kuseri kwa mapepala akale, alonda ankasoka okha nsapato zawo ndi waya. Filimu inkabwera imodzi pa miyezi itatu, ya zithunzi makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi, nambala yake 200. Inali ya masilaidi, tizidutswa ta filimu timene umationera pa kuwala, chifukwa ndi timene osindikiza kalendala ya chaka ankafuna. Silaidi silikhululuka. Ukachulukitsa kuwala pang'ono limayera, ukachepetsa limada, ndipo palibe chokonza pambuyo pake. Sitolo yotsuka filimu yoteroyo imene ofesi yathu inkatumizako inali ku Blantyre. Tinkaika filimu mu envulopu, ine n'kulemba malangizo pamwamba, bwana n'kusaina, dalaivala n'kupita nayo.

Munthu yekhayo amene ndinganene kuti anali mnzanga anali a Gondwe, mlonda wachikulire wodziwa kutsata mapazi a nyama. Chichewa chawo chinali chotsimphina ngati Chitumbuka changa, ndiye tinkayenda tsiku lonse m'tchire titalankhulana mawu khumi, ndipo zinkatikwanira. A Gondwe ndi amene ananena kuti aona mapazi a nsefu kumpoto kwa dambo, yamphongo, yokalamba, yoyenda yokha. Nsefu ndi nyama ya mtundu wa mphalapala, yaikulu kuposa zinzake zonse, kukula ngati ng'ombe yapangolo, koma yamanyazi kuposa gwape. Kumapiri a Nyika zilipo zambiri, koma kwathu kunkhalango ya Vwaza, kumene kuli Kazuni, anthu ankati zinatha. A Kachale anathamanga kulemba mu lipoti kuti nsefu ilipo, a kulikulu n'kuyankha kuti mapazi sangaikidwe pa kalendala.

Filimu ziwiri ndinaziononga pa nyama imeneyi. Inkatulukira m'mphepete mwa nkhalango dzuwa lisanatuluke, ndipo kuwala kukangokwanira kujambula inali italowa kale m'zitsamba. Masilaidi ankabwera akuda, pakati pali chinthu chimene ine ndinkalumbira kuti ndi nsefu, a Kachale n'kumati ndi chulu. Chaka chachisanu ndi chimodzi chikutha anandiitana mu ofesi n'kutseka chitseko.

"A Phiri, kulikulu akuchepetsa anthu," anatero. "Akufunsa kuti wojambula ndi wa chiyani pa kampu imene alendo amabwera ndi makamera awo. Ine ndawauza kuti mundipatsa nsefu. Mndandanda wa ochotsedwa ukutsekedwa kumapeto kwa Malichi. Filimu ya Januwale ndi iyi, ina kulibe mpaka Epulo. Musandichititse manyazi kachitatu."

Chaka chachisanu ndi chiwiri, Januwale

Amayi anu anabwera ku Kazuni kamodzi kokha, ndipo ndi mwezi umenewu. Anakusiyani ndi agogo anu n'kukwera basi masiku awiri, mvula ili pakati. Pa Khirisimasi anali atavekedwa yunifolomu ya amayi a mpingo, bulauzi yoyera, duku loyera, siketi yakuda, ndipo ine sindinaone chifukwa tchuthi anandimana. Ndiye anaipinda bwinobwino m'pepala la pulasitiki n'kubwera nayo kudzandionetsa. Zaka zonse za ukwati wathu anali asanajambulidwepo. Ojambula oyendayenda akafika m'mudzi ankathawira kudimba, n'kumati adzajambulitsa akadzavala zoyera.

Anakhala masiku atatu. Kanyumba kaja, kamene zaka zisanu ndi ziwiri kankanunkha nsapato ndi mafuta a nyale, kanayamba kununkha sopo. Anandikalipira chifukwa cha mapoto anga, anaseka Chitumbuka changa, anaopa mvuu n'kukana kufika kumadzi. Tsiku lachitatu m'mawa, mvula ikugwa, anavala zoyera zija n'kukhala pabedi, manja pamiyendo.

"Bambo a Tiyamike, zaka zonsezi mukujambula njati," anatero. "Ine ndine wonyansa kuposa njati?"

"Filimu ndi ya boma, amake Tiyamike. Ndipo ndi imodzi yokha."

"Nanga ine ndine wa ndani? Boma linanditengera mwamuna zaka zisanu ndi ziwiri, lilephere kundibwezera kachithunzi kamodzi?"

Kamera inali m'nyumba chifukwa m'mawa uliwonse ndinkalawirira kutchire. Panja sitikanatuluka, chifukwa khonde la a Kachale linayang'anizana ndi khomo langa, ndiye ndinatseka chitseko n'kukankhira bedi pafupi ndi zenera. Kuwala kunali kochepa, kotuwa, kofewa, kumene wojambula aliyense amakupempherera. Ndinaika chikhatho pafupi ndi tsaya lawo kuti ndiyese, iwo n'kuchimenya kuti ndikuwatchinga. Lenzi pa 2, shata pa 30, filimu pa 200 monga inalembedwera. Ndinatsamira khoma n'kutulutsa mpweya theka.

Pa chithunzi choyamba anaseka, chifukwa ndinawauza kuti asapume. Chachiwiri anakonza duku. Chachitatu anangondiyang'ana, osaseka, osachita manyazi, ndipo ndinadziwa ndisanachotse diso pa kamera kuti sindinajambulepo chithunzi chabwino ngati chimenecho. Ndinaganiza kuti masilaidi akabwera ndidzatulutsa atatuwo bwana asanawaone, monga ndinkachitira ndi oonongeka. Masana ake ndinawaperekeza pa geti kukakwera lole.

"Mudzabwere nacho pa Pasaka," anatero akukwera. "Ndikawauza ana kuti amayi awo ajambulidwa ndi kamera ya boma, yojambulira njovu."

Chaka chomwecho, Febuluwale

Patapita masabata atatu, a Gondwe anapeza pamene nsefu ija inkadyera masamba, ndipo tinakabisala kuseri kwa chulu kukuyamba kucha. Kumwamba kunali mitambo yokhayokha. Tisanaione tinaimva. Nsefu yamphongo ikamayenda miyendo yake imalira ngati munthu akuthyola timitengo touma, ndipo a Gondwe anandigwira dzanja n'kunong'ona, "Sefu, a Phiri. Pachoko pachoko." Inatuluka m'zitsamba pafupi kuposa masiku onse, yotuwa, khosi lolendewera, nyanga imodzi yobenthuka kunsonga. Inaima n'kuyamba kukoka nthambi.

Ndinagoneka lenzi yaitali pa chipewa cha a Gondwe pamwamba pa chulu. Lenzi imeneyo inkatseguka mpaka pa 4 basi. Mita inandiuza kuti shata ikhale pa 15, ndipo pa 15 nyama yotafuna imatuluka ngati utsi. Ndikanadikira kuwala, ikanapita monga kale. Apo ndi pamene ndinakumbukira chinthu chimene a Mhango anandiuza chaka chawo chomaliza, chimene ndinali ndisanayesepo. Anati kuwala kukachepa ukhoza kuinamiza kamera. Umatembenuza nambala ya filimu kuchoka pa 200 kufika pa 800, shata n'kufulumira kanayi, kenako umalemba pa envulopu kuti otsuka aisunge filimuyo nthawi yaitali m'mankhwala kuti zithunzi ziwale. Ankati kukankha filimu. Koma anandichenjezanso kuti filimu imalowa m'mankhwala yonse pamodzi ngati nsalu mu utoto. Ukaikankha, zithunzi zonse zimene unajambula pa nambala yakale zimapsa ndi kuwala n'kuyera.

Sindikunamizani kuti ndinaiwala zithunzi zitatu zija. Ndinazikumbukira bwinobwino, chala chili pa kagudumu ka nambala. Ndinati mumtima, amake Tiyamike alipo, Pasaka ili pafupi, ndidzapempha kamera kapena ndidzalipira wojambula wa pa boma, koma nsefu ndi ya lero. Ndinatembenuza. Shata inafika pa 60. Ndinajambula ikudya, ikutukula mutu, ikutiyang'ana, mpaka filimu inatha. Nyamayo inatembenuka n'kulowa m'nkhalango mosafulumira, ndipo a Gondwe, amene sindinawamvepo akuseka mokweza, anaseka mpaka kukhala pansi m'matope.

Filimu ndinaitulutsa n'kuitsekera m'kabati kudikira galimoto ya ku Blantyre. Patangopita masiku anayi, a Kachale anandiitana ku chipinda cha wailesi ya mauthenga. Anali atavula chipewa. Uthenga unali utagona masiku awiri pa ofesi ina usanatifike. Unati amayi anu adwala malungo aakulu, ndifike msanga. Ndisanatuluke m'chipindamo unalowa wachiwiri, wa maliro.

Msewu unali utaduka ndi mvula. Ndinayenda pansi mpaka Bolero, lole mpaka Rumphi, basi mpaka Kasungu, ina mpaka Ntchisi. Ndinafika tsiku lachitatu, anthu atabwerako kale kumanda. Sindinaone nkhope yawo. Anandionetsa mulu wa dothi lofiira, n'kundiuza kuti anawaika atavala zoyera zija, ndipo amayi anzawo anaimba njira yonse. Ndinalira pamenepo ngati mwana, pamaso pa apongozi, osasamala za ulemu.

Titameta, amalume anu a Yotamu, mwini mbumba, anandiitanira pansi pa mtengo wa mango pamodzi ndi ankhoswe. Mwambo mukuudziwa. Mkamwini, mkazi wake akamwalira, amasudzulidwa, amanyamula zake n'kubwerera kwawo, ana n'kutsala kuchikazi. A Yotamu sanali munthu wankhanza, koma ankalankhula mosazungulira.

"Alamu, ana awa ndi athu, inu mukudziwa," anatero. "Koma mlongo wanga ankafuna aphunzire, ndipo ine kuno sindingathe. Ngati muli pa ntchito ya boma ndipo muwalowetsa sukulu, muwatenge teremu ikayamba. Koma tamva kuti kuntchito kwanu akuchotsa anthu. Akakuchotsani, ana asachoke pano kukavutika nanu m'misewu. Atsale, alime ndi abale awo."

Ndinavomera, chifukwa panalibe chokana. Tsiku lonyamuka iwe Tiyamike unandiperekeza mpaka pamsewu, utanyamula chikwama changa pamutu. Unali ndi zaka zisanu ndi zinayi, mutu wometedwa. Basi itaonekera unandikoka malaya.

"Ababa, amayi anati munawajambula."

"Eya, mwanawe. Chili kuntchito."

"Musachitaye," unatero.

Chaka chomwecho, Malichi

Nditabwerera ku Kazuni filimu ija inali ikadali m'kabati, chifukwa envulopu sikanapita popanda malangizo anga. Ndinaitenga n'kukhala nayo m'thumba la malaya masiku asanu. Nkhani yake inali yachidule. Ndikalemba 200, amayi anu atuluka bwinobwino, nsefu n'kukhala yakuda monga kale, dzina langa n'kulowa pa mndandanda, inu n'kutsala ku Ntchisi. Ndikalemba 800, nsefu ituluka, ntchito n'kukhalapo, inu n'kubwera kwa ine, koma nkhope ya amayi anu n'kupsa. Inu a masiku ano mudzati bwanji sindinaidule filimuyo pakati. Ndinalibe chipinda chamdima, ndipo a sitolo anali atatiuza kale kuti filimu yotsegulidwa salandira ndiponso sadula. Nambala inkayenera kukhala imodzi. Mapanga awiri avumbwitsa.

Munthu yekhayo amene ndinamuuza anali a Gondwe. Ndinawafotokozera m'Chichewa chosakaniza ndi manja, tili pa chitsa kuseri kwa ofesi. Anamvetsera mpaka kumapeto. Ndinawafunsa ngati tingaipezenso nsefu ija, kuti mwina ndibwereke filimu kwa alendo.

"Yayi, a Phiri," anatero. "Mapazi awoloka kuya ku Zambia, sabata yathayi. Mpaka chilimwe, panji."

"Ndiye ndichite bwanji, a Gondwe?"

"Nkhumanya yayi, dada. Pepani chomene."

Ankatanthauza kuti sakudziwa, koma sanachoke. Anakhala nane pa chitsapo mpaka belu la masana linalira. Pa malangizo onse amene ndalandira m'moyo wanga, amenewo ndi amene sindinawakwiyire.

Lachisanu m'mawa galimoto inali pakhomo pa ofesi, injini ikulira, dalaivala akuimba hutala. Ndinakhala pa tebulo, envulopu patsogolo panga, cholembera m'manja. Ndinaganiza za mulu wa dothi uja, ndi kuti padziko lonse nkhope imene sindinaione pomaliza inali m'kachitini kamene kanali m'dzanja langa. Ndinaganizanso za iwe Yohane, wa zaka zisanu ndi chimodzi, amene pa maliro unkandithawa chifukwa sunkandidziwa bwino. A Kachale anasuzumira pakhomo.

"A Phiri, mukulemba kalata yofunsira mbeta? Dizilo akutha."

Ndinalemba 800, n'kudula mzere pansi pake kawiri kuti otsuka asaphonye. A Kachale anasaina osawerenga. Galimoto itatuluka pa geti ndinapita kunyumba n'kukankhira bedi pamalo pake akale, kutali ndi zenera.

Masilaidi anabwera patatsala masiku ochepa kuti mwezi uthe, ndipo ulendo uno bokosi linafikira m'manja mwa bwana. Anaima pazenera n'kumawakweza limodzilimodzi pa kuwala, ine ndili chilili kumbuyo kwawo. Nsefu inatuluka moti ubweya wa pamphumi unkawerengeka, mame ali pa masamba, diso lake likutiyang'ana. A Kachale anakuwa, anaitana alonda onse, anandigwira chanza koyamba chifikireni. Kenako anakweza atatu ena, n'kukwinya nkhope.

"Nanga izi ndi chiyani? Zoyera zokhazokha."

"Ndinkayesa kuwala, bwana."

"Musamaseweretse filimu ya boma," anatero, n'kuwaponya m'dengu la zinyalala.

Mawu amenewo, akuti ndinkayesa kuwala, amandiwawa mpaka lero kuposa nambala ija. Onse atatuluka kukakondwerera nsefu ndinagwada n'kuwatola. Pa onse atatu pamaoneka siketi yakuda, m'mphepete mwa bedi, ndi manja awiri pamiyendo. Kuyambira pachifuwa kupita m'mwamba, bulauzi, duku, nkhope ndi khoma zinasungunukira pamodzi. Pa lachitatu, ukaliyang'ana nthawi yaitali, pali timadontho tiwiri totuwa pamene panali maso.

Dzina langa silinalowe pa mndandanda. Nsefu inalowa pa kalendala, ndipo chaka chotsatira inapachikidwa m'maofesi ambiri, popanda dzina la wojambula. A Yotamu anasunga mawu awo. Teremu itayamba ndinakutengani, a Kachale n'kutipatsa nyumba ya zipinda ziwiri, ndipo pasanathe chaka munkalankhula Chitumbuka choposa changa n'kumandimasulira nthabwala za alonda. Ndinagwira ntchito mpaka makamera a filimu anatha, ndipo nditapuma sindinabwerere ku Ntchisi, chifukwa kumene ndinali mkamwini ndinasudzulidwa, ndipo kwathu kwenikweni anthu ondidziwa anali atatha. Ndinamanga kuno ku Bolero.

Lero, ku Bolero

Ndimakhala ndekha. Inu muli kutali ndi mabanja anu, ndipo mumanditumizira pa foni zithunzi za adzukulu, makumi awiri pa tsiku limodzi, zina zojambulidwa m'chipinda chamdima koma zowala ngati masana. Sindidandaula, ndimaziona zonse. Chimene chimandiopsa ndi china. Ndikudziwa kuti amayi anu anali ndi kachipsera pamwamba pa diso lakumanzere ndi kampata m'mano akutsogolo, koma kudziwa si kuona. Ndikatsinzina kuti ndiwaone atakhala pabedi paja, chimene chimabwera bwinobwino ndi lenzi pa 2, shata pa 30, filimu pa 200. Nkhope ikundithawa chaka ndi chaka, ndipo ndilibe poifunsa.

Mukandifunsa ngati ndikanalembanso 800, ndikanalemba. Ndinakuonani mukukula, ndinakusainirani malipoti a sukulu, ndinakudikirani pa geti. Pa chimenecho sindipepesa. Chimene ndalembera mutu uno ndi chimene chinachitika tsiku limene munafika ku Kazuni. Iwe Tiyamike usanatsitse n'komwe katundu pamutu unandifunsa za chithunzi. Ndinakupatsa masilaidi atatu aja. Unawakweza pazenera nthawi yaitali, ukutembenuza uku ndi uku, Yohane akudumpha kuti naye aone. Kenako unandiyang'ana, ndipo ine ndinachita mantha ndi mwana wa zaka zisanu ndi zinayi. Ndinakuuza kuti a sitolo ya ku Blantyre anaononga potsuka.

Unandikhulupirira. Unawatukwana anthu amenewo uli mwana, unawatukwana uli ku sekondale, ndipo chaka chatha pa ukwati wa mwana wako, wojambula atachedwa, ndinakumva ukuuza apongozi ako kuti iwe anthu otsuka zithunzi sudzawakhululukira chifukwa anakulanda amayi ako kachiwiri. Ndinali pampando wa pambali pako, ndipo ndinangoweramitsa mutu.

A sitolo sanalakwe kanthu, mwana wanga. Anatsuka monga mmene ndinalembera.